Mphasa ya Akuchikazi

Loweruka, 13 Ogasiti 1955

Anthu achepa pabwalo. Kwatsala phulusa pomwe amuna ankagona, ndi miphika ya eni ake yomwe sinatengedwe. Ndakhala pakhonde ndi bukuli chifukwa m'nyumba sindikudziwa pokhala.

Ndilembe za Lamulungu lapitali lisanasakanikirane ndi masiku ena. Panalibe chachilendo. Nditachoka kutchalitchi ndinapeza mkazi wanga Nasima pansi pa mango akusenda nandolo, mwana wathu Lily atamutsamira kumsana. Anati nandolo wa chaka chino wachuluka mphutsi. Ndinati ndi wa m'munda mwanu. Anati, "Munda ndi wanu, bambo a Lily. Ine ndine mmwenye, ndimangodziwa kugulitsa sopo." Ananena m'Chilomwe, mokweza, kuti mlongo wanga Anastazia amve kuseri kwa mpanda. Anastazia anaseka mpaka kutsokomola. Chilomwe N. ankachidziwa kuposa ine. Anachiphunzirira kumsana kwa mayi amene ankamulera kusitolo ya bambo ake ku Chiringa, pamene ine changa ndinakachitaya kusekondale.

Nandolo uja anaphika mwa kwawo, wa chikasu ndi tsabola. Lily anadandaula kuti akuwawa, koma anamaliza. Masana N. anasoka, ine ndinasinza pampando. Chakumadzulo anandiuza kuti tcheni cha njinga chikulira ngati nkhanga, ndithire mafuta. Ndinati mawa. Anati mutu ukumuwawa pang'ono, mwina ndi dzuwa. Anagona nkhuku zisanalowe zonse.

Basi. Ndayesa kufufuza china, palibe.

Lolemba thupi linatentha. Lachiwiri sanandizindikire, ankalankhula chinenero cha makolo ake, ndipo pa Kaduya ponse pano panalibe woti atimasulire. Lachitatu tinamunyamula pamachira kupita kuchipatala cha mishoni. Anatisiya tili pamtsinje, tinabwerera pomwepo. Lachinayi tinaika.

Lamulungu, 14 Ogasiti

Sindinapite kutchalitchi. Ndadya. Anastazia anaimirira pakhomo mpaka nditamaliza.

Lolemba, 15 Ogasiti

Lero ndi pomwe andiuza zonse za uthenga wa maliro. Lachitatu lija alamu a Sitima, amuna a Anastazia, anapalasa njinga mpaka ku Chiringa. Anapeza a Abdulrazak, bambo ake a N., akuyeza nsalu. Akuti sanasiye kuyeza. Anati, "Mwana wanga anafa chaka chomwe anatuluka pakhomo pano. Tinalira kale." Wahabu, mchimwene wake wa N., anali pomwepo, anangoyang'ana pansi.

Sindinadabwe. Ndinafunsa alamu ngati anapatsidwa madzi akumwa. Anati ayi.

Pamaliro paja tinayala mphasa ya akuchikazi kumanzere kwa khomo, monga zimakhalira. Inakhala yopanda munthu mpaka madzulo. Nkhuku zinayendapo. Akatekisiti anati N. sanabatizidwe, ndiye nyimbo za mpingo ayi. Amayi a pamudzi anaimbabe panjira, motsitsa. Thupi anasambitsa a Tausi, mayi wachisilamu wogulitsa matemba uja, ndi anzawo awiri, nalikulunga m'nsalu yoyera. Palibe anawatuma. Anangobwera ndi ndowa zawo.

Masana atsibweni a Amosi anandiitana kuseri kwa nkhokwe. Ndiwo mwini mbumba yathu chimwalirireni amayi. Anati, "Iwe Lekani, maliro ano sanathe. Akuchikazi ayenera kubwera, akhale pamphasa yawo, alandire katundu wa mwana wawo, akusudzule ndi pakamwa pawo. Akatero ndiye timete. Popanda zimenezo lumo silikhudza mutu wa munthu, ndipo mbumba yonse igona chodika, mwamuna kwake, mkazi kwake. Wolakwira adwalitsa ana."

Ndinati ndikudziwa mwambo.

Anati, "Ukuudziwa lero. Tsiku lomwe unabwera naye pano mbandakucha, wopanda nkhoswe ya kwawo, ndinakufunsa kuti akadzafa tidzalankhula ndi ndani. Unati sadzafa msanga."

Zoona, ndinanena choncho. Sananene mokalipa. Atatha anandipatsa fodya, ngakhale akudziwa kuti sindisuta.

Lachitatu, 17 Ogasiti

Katundu wa N. sitimukhudza. Wa kwathu akatenga ngakhale singano, ndi kuba za mbumba ya eni. Ndiye zonse zili momwe anazisiyira. Makina osokera ali pathebulo, malaya a mwana wa eni atapanikizidwa pansi pa singano, dzanja limodzi losasoka. Bokosi lake lachitsulo lili kumiyendo kwa bedi. Zibangili zili m'mbale pazenera. Ndimadutsa cham'mbali ngati m'nyumba ya munthu wina.

Lily akugona ndi ine. Tsitsi lake Anastazia wayesa kuliluka, likungoterera. Walimanga ndi kachingwe ka nsalu. Mwana sanalire chiikireni maliro. Amangonditsatira, ndikapita kuchimbudzi amadikira panja.

Loweruka, 20 Ogasiti

Chiperoni tsiku lonse. Phiri la Michesi silikuoneka.

Lolemba, 22 Ogasiti

Ndabwerera kuntchito, kumsika wa thonje ku Jenala. Kuyeza, kulemba, kuyeza, kulemba. Dzanja likugwira lokha. Masana ndinazindikira kuti ndalemba masamba angapo osakumbuka nkhope ya mlimi ngakhale mmodzi.

Akapitawo anayang'ana ndevu zanga nati, "A kalaliki, simunamete?" Ndinati tikudikira akuchikazi. Anati, "Aja a kusitolo? Ndiye mudzazipondera ndevuzo." Anaseka, kenako anachita manyazi, nandigawira chinangwa chawo.

Pamzere amayi awiri ankanong'onezana, akuyesa sindikumva. Wina anati ndi uja anaba mwana wa mmwenye. Mnzake anati, "Sanabe, anamutsatira yekha. Ndinkamuona kudambo, khasu ankaligwira ngati wobadwira pano." Ndinayeza thonje lawo. Linali lonyowa pang'ono, koma ndinalilandira.

Lachinayi, 25 Ogasiti

Alamu a Sitima anabwera m'mawa akudzisisita m'nthiti. Chiyambireni maliro akugona pakhonde pawo. Anati, "Alamu, pepani, maliro ndi anu, koma nthiti ndi zanga. Mkazi wanga ndikumangomuona ngati mwezi, uko kumwamba. Amwenye anuwa abwera liti?"

Anastazia anayankhira kumtondo, osatembenuka. "Mukafa nazo nthitizo tidzameta kamodzi, lumo lisavutike kawiri."

"Ukuona, alamu? Mawu okhaokha. Kale ankanditukwana ali pafupi."

Ndinamva nkhope yanga ikufuna kuseka, koma sizinafike. Alamu ndi munthu wabwino. Ndiwo ananyamula machira kutsogolo ulendo wonse, osalola wowalandira. Koma zomwe anena moseka ena akunena mosaseka. Nyumba zisanu za mbumba yathu zikudikira ine. Ndikadutsa pachitsime nkhani zimaduka.

Atsibweni atumanso munthu ku Chiringa. Wabwerako ndi mawu omwe aja.

Lamulungu, 28 Ogasiti

Ndinapita kumunda kwa N. kukaona chinangwa. Ndinapeza Violet, mwana wa amayi aang'ono, akutentha mapesi kumalire. Sanabise. Anati, "Achimwene, musandiyang'ane choncho. Munda uwu ndi wa agogo athu. Mlamu tinangomubwereka. Mvula ikubwera, ine ana anayi."

Ndinati nanga Lily.

Anati, "Lily ndimamukonda, mukudziwa. Koma mwana wa mwamuna ndi mlendo. Kwawo ndi kwa amake. Si ine ndinayambitsa zimenezo."

Sananame. Pano munda umayenda ndi bere. Mwana amalima pomwe amake ndi alongo a amake analima. N. analibe m'bale pano, ndiye Lily alibe poimika khasu. Ku Chiringa ndi mwana wa munthu wakuda, kuno ndi mwana wa mmwenye. Zonsezi ndinkazidziwa, koma pamene N. anali moyo zinali ngati nkhani ya kumudzi wina.

Lily anali kumbuyo kwanga akutola nandolo wogwa. Sindikudziwa ngati anamva. Pobwerera ananyamula nandoloyo m'diresi, anakamuthira m'lichero la amake, kenako anakumbuka kuti sitikhudza, anangoima.

Lachitatu, 31 Ogasiti

Ngati iwo sabwera, ndipita ndine. Ndauza atsibweni. Anati mkamwini sanyamula yekha katundu wa malemu, koma sanandiletse. Anati ndikasambe m'manja ndi madzi a mankhwala ndikabwerako.

Loweruka, 3 Seputembala

Ndinamanga bokosi pakaliyala ndi mphira, ndinakankha njinga mpaka ku Chiringa. Kukwera sikukanatheka. Makina ndinasiya.

Musitolo ndinaima kumbali ya ogula, kumbuyo kwa mayi wogula mchere. Chikwatirireni sindinalowemo. Fungo lake ndi lomwe limatuluka m'bokosi la N. ukalitsegula. Itafika nthawi yanga Wahabu anati, "Mukufuna chiyani, a kalaliki?" Ndinati ndabwera ndi katundu wa mlongo wanu. A Abdulrazak anali pampando pakona. Akalamba. Analankhula m'chinenero chawo osandiyang'ana. Wahabu anati, "Akuti sitolo ino sitigula zakale."

Ndinatuluka. Ndikumasula njinga pamtengo, Wahabu anatuluka ngati akukataya madzi, nati ndizungulire kuseri.

Kuseri kuli mpanda wa malata ndi mpapaya. A Adija, amake a N., anali ataima pakhomo la khitchini. Sindinawaonepo pafupi. Manja ndi omwe aja, zala zazifupi zomwe zija. Ndinatsitsa bokosi, ndinagwada, ndinawomba m'manja. Iwo anangokhala pansi pafumbi n'kutsegula.

Pamwamba panali zovala za kwawo zomwe N. anathawa nazo, zosavalidwa, zopindidwa ndi masamba a ndimu. Anaziika pambali osaziyang'anitsa. Anafukula mpaka anapeza nsalu yake yolimira, yakuda ija yopsa m'mphepete. Anaitambasula.

"Ankalima?"

"Eya, mayi."

"Yekha?"

"Tonse."

Anayang'ana manja anga nthawi yaitali. Anafunsa amene anasambitsa thupi. Ndinati a Tausi. Anagwedeza mutu kuvomereza. Anafunsa ngati mwana akudya, ndi ngati wafanana ndi amake. Ndinati tsitsi ndi maso. Anakwinya nsalu ija n'kuilowetsa m'kati mwa chofunda chawo. Anati, "Zina tengani. Bambo akaona, moto."

Ndinafotokozera Wahabu za mphasa. Ndinati sitikufuna kanthu, munthu mmodzi yekha wa magazi ake akhale pansi, alandire, anene mawu awiri. Ngakhale inu nokha, ngakhale mbandakucha.

Anati, "Alamu." Ndi koyamba kunditchula choncho, ndipo anayang'ana kukhomo la sitolo asanapitirize. "Ndikakhala pamphasa imeneyo, mawa Chiringa yense wadziwa. Mkuja ndili pamsewu ndi mkazi ndi ana. M'njala ya '49 ija thumba la chimanga lomwe munalipeza panjira ya kuchitsime silinagwe kumwamba. Ndinachita zomwe ndikanatha."

Ndinati tinadziwa, ndipo linatipulumutsa.

Kenako anati pali masisitere kufupi ndi Blantyre amene amasunga ana a makaladi. Iye atha kukonza zonse mwakachetechete. Mwana akaphunzira, akavala nsapato. Ndinafunsa ngati Lily angabwere kuno ngakhale tsiku limodzi, agogo ake amuone. A Adija anaphimba pakamwa ndi dzanja. Wahabu anati, "Kuno ayi."

Ndinamanganso bokosi. Kubwerera kunali kotsetsereka koma kunatalika.

Lamulungu, 4 Seputembala

Ndafotokozera atsibweni zonse. Anati nsalu imodzi yobisa m'khwapa si kusudzula. Za masisitere anati mmwenyeyo waganiza bwino. Anastazia anali pomwepo akupeta. Anapeta ufa womwewo mpaka tinabalalika.

Lachiwiri, 6 Seputembala

Atsibweni anaitanitsa a Tausi. Anati poti chipembedzo ndi chimodzi, ndipo ndiwo anasambitsa, bwanji akhale pamphasa m'malo mwa akuchikazi. A Tausi anatsitsa dengu la matemba nati, "A Amosi, kusambitsa maliro ndi ntchito ya Mulungu, si ubale. Ndasambitsa anthu ambiri. Ndikamatenga katundu ndi ana a onse ndikagona kuti? Ndipo amene akhale pamenepo adziwe kuti akulandira mwana, osati mabokosi." Anapatsa Lily matemba odzaza manja awiri napita.

Madzulo akulu anakhala pansi. Agwirizana kuti sitingadikirenso, anthu atopa ndipo kusosa kwayamba. Loweruka tiyala mphasa, atsibweni aitana akuchikazi monga mwa mwambo. Pakapanda woyankha, katundu akwiriridwa m'dzenje kunja kwa mudzi, monga timachitira ndi munthu wofera panjira amene kwawo sikudziwika. Tikatero timeta. Lily apita kwa masisitere mvula isanagwe. Munda atenga Violet.

Anandifunsa maganizo. Ndinati chabwino.

Ndikulemba pano kuti ndinati chabwino. Mawuwo anatuluka ngati ndikuwerenga sikelo.

Lachinayi, 8 Seputembala

Lily wafunsa ngati kwa masisitere kuli nandolo. Wina wamuuza kale.

Lachisanu, 9 Seputembala

Sindinapite kuntchito. Alamu a Sitima ndi anzawo anakumba dzenje kuseri kwa chulu, panjira ya kudambo. Ndinapita kukaona atachoka. Akumba bwino, makona owongoka. Ndinayeza ndi maso, makina alowa, bokosi lilowa cham'mbali. Ndinaima pamenepo ndikuyembekeza kuti ndimve kanthu. Ndinangoona kuti dothi lake ndi lofiira ngati la Lachinayi lija.

Anastazia anandipeza pomwepo akuchokera kotunga madzi. Sanatule mtsuko.

Ndinati, "Sindiponyamo."

"Nanga mutani, achimwene?"

"Sindikudziwa. Ndikhala ndi tsitsi. Mwana sapita."

"Ndipo mbumba yonse igone pakhonde mpaka Khirisimasi?"

Ndinati ngati ndi choncho ndisamuka, ndikapempha malo ku Jenala, iwo amete okha. N. sanafere panjira. Anafera pamachira a alamu, ndipo aliyense amene anali pamenepo ankamudziwa dzina.

Anandiyang'ana, madzi akumudonthera paphewa. Anati, "Mwayamba kulankhula." Kenako anati, "Khosi likundiwawa," napita.

Sindinauze atsibweni. Ndiwauza mawa akaitana.

Loweruka, 10 Seputembala

M'mawa tinatulutsa zonse pabwalo. Makina, bokosi, miphika, lichero, khasu, mbale ya zibangili. Padzuwa zinaoneka zochepa. Mphasa anaiyala kumanzere kwa khomo. Ife tonse kumanja, Lily pamiyendo panga. Lumo ndi madzi zinali kale pamwala.

Atsibweni anaimirira nati, "Akuchikazi alipo?" Chete. Anabwereza. Ndinayamba kutsitsa Lily kuti ndiimirire.

Anastazia anadzuka ine ndisanadzuke. Ndinayesa akupita kuseri. Anazungulira nyumba yanga, anazungulira nkhokwe, anatulukira kunjira yaikulu, nabwera ndi njira ya alendo atafunda nsalu kumutu. Pamalire a bwalo anaima nati, "Odi kuno." Anayenda yekha mpaka pamphasa, anakhala, natambasula miyendo.

Atsibweni anati, "Iwe, mutu uli bwino? Uyu ndi mlongo wako, bere limodzi."

"Sindikumukana, atsibweni. Koma amene ndinkasinja naye mtondo umodzi, amene anandigwira msana pobereka ana anga awiri omaliza, mwamuika uko. Ndamva kuti mukufuna kukwirira miphika yake ngati ya wamisala. Ndabwera kudzatenga za m'bale wanga."

Violet anati magazi sagulidwa pamtondo. Anastazia anati, "Ndiye bwera undidzutse."

Atsibweni anati, "Ukudziwa chomwe ukulandira? Ukatenga katundu watenga mwana. Agona kwako, alima pako, adzagawana ndi ana ako aakazi. Munda wa agogo uja sindikupatsa, ndalonjeza kale. Udula pako pomwe."

"Ndidula."

Atsibweni anatembenukira kwa alamu a Sitima nati nanga inu, poti m'nyumbamo mukhala pakamwa pena. Alamu anati, "Atsibweni, ine ndine mkamwini, ndilibe mawu. Koma chonde musamudzutse pamphasapo. Akadzuka ine mawa ndalembetsa ulendo wa ku Joni." Anthu anaseka, ngakhale Violet. Atsibweni sanaseke. Anakhala pansi, anatafuna fodya wawo nthawi yaitali. Anati chibadwire sanaonepo zotere. Mmodzi wa akulu anati sanaonenso mmwenye akulima kudambo, koma analima.

Kenako atsibweni anandiyang'ana. "Lekani, ukuvomera? Pa nkhani ya mwanayu sadzakhalanso mlongo wako. Ukafuna kumutenga udzapempha. Akadzakula, nkhoswe idzachokera uko, osati kwa iwe."

Lily anali atandigwira chala. Ndinati ndavomera.

"Ndiye perekani kwa eni ake."

Ndinapereka chimodzichimodzi, ndi manja awiri, nditagwada. Khasu, lichero, miphika, zibangili. Makina tinanyamula awiri ndi alamu. Bokosi analitsegula, anayang'anamo, nafunsa za nsalu yolimira ija. Ndinati ili kwa amake. Anati, "Ndiye akuchikazi tilipo awiri." Anatseka.

Pomaliza ndinadzutsa Lily. Ndinamuuza kuti apite akakhale ndi amayi ake aakulu. Anayang'ana ine, anayang'ana mphasa, anayenda. Anastazia anamukhazika pakati pa miyendo yake. Kenako anawomba m'manja katatu, nalankhula moyang'ana pansi monga amachitira alendo.

"Alamu, m'bale wathu munamusunga. Sanagone ndi njala, simunamukweze dzanja. Wadwala mwamunyamula, wafa mwamuika. Kwathu kulibe mlandu ndi inu. Takumasulani."

Ine ndinayankha zomwe amayankha. Anandimeta atsibweni okha, ndipo dzanja lawo linali lofewa. Anameta onse. Pa Lily, Anastazia anati mwini mwana ndine, anangodula pang'ono kuseri kwa khutu. Dzenje alamu akuti adzalamo nthochi.

Anthu atabalalika zonse zinali zitatutidwa, kupatula bokosi. Ana a Anastazia analephera kulinyamula. Ndinaliika pamutu wometa kumenewu, chitsulo chikutentha, ndinadutsa bwalo. Nyumba ya Anastazia ndinafolera ndine, ndalowamo moyo wanga wonse osagogoda. Ndinafika pakhomo, miyendo inaima yokha. M'kati ndinamva Lily akulira, kulira kwenikweni, ndi Anastazia akumuuza kuti lira, usasiye.

Ndinati odi.

Anati, "Lowani, alamu. Ikani apo, pafupi ndi pogona mwana."

Ndinaika.